Atsibweni Amene Ndinawaimika Pageti

Lachiwiri lapitali chinakwana chaka chimwalirireni atsibweni anga, a Sajeni Binisoni Chimwala. Kunyumba kuno palibe amene anakumbutsa mnzake. Amuna anga anapita kuntchito, ine ndinanamizira mutu n'kutsala. Pamaliro, kwathu ku Mitundu, ndinauza anthu kuti inali BP, ndipo abusa anabwereza zomwezo kumanda. Lero ndinene zoona. Atsibweni anadzipha, Lamulungu m'mawa, ife tili kutchalitchi. Anafera kuseri kwa nyumba yanga ku Area 10, m'boizikota momwe ndinawasunga zaka zinayi ngati mlonda.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, mmodzi yekhayo. Kwa ife Achewa munthu ameneyo ndiye mwinimbumba. Ana a alongo ake ndi zidzukulu zawo ndi anthu ake, ukwati sumangidwa iye asanavomere, ndipo banja likayamba kufuka utsi ndiye amakakhala pakati. Ine mchimwene ndilibe. Choncho mayi atamwalira, mwini wa ine ndi mwana wanga Tawonga anali iwowo. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndisadzanamizire sukulu kapena tauni.

Anali wamtali, woonda ngati nsungwi, ndipo msana sunapindike mpaka tsiku lomaliza. Khutu lakumanzere linali logontha. Ankati imeneyo ndi mphatso ya ku Mozambique, komwe anakalondera njanji nthawi ya nkhondo, ndipo nkhani ya kumeneko inkathera pomwepo. Tayala likaphulika mumsewu, unkawapeza atagwada kale kuseri kwa maluwa, kenako n'kumanamizira kuti akuzula udzu. Ankasita chilichonse, ngakhale kabudula wogonera. Simbi yamagetsi ankaikana, ati ndi yopepuka ndiye nsalu siyiopa, ankafuna ya makala. Nsapato anali nazo zimodzi zokha, koma ukanatha kudziyang'anirapo nkhope. Mawu awo anali akuti umphawi ulowe m'mimba ngati ukufuna, koma usafike pakolala.

Pageti ankasesa kawiri patsiku, mizere yake yowongoka ngati ya m'kope. Ukadutsapo ndi galimoto ankabwerezanso osadandaula. Chimene sankapirira ndi kuchedwa. Ndikanena kuti ndibwera faifi n'kufika sikisi, ankatsegula geti akuyang'ana dzuwa, osati ine, kenako n'kufunsa ngati wotchi yanga yachira.

Ndi amuna anga, a Gondwe, ankakangana za nkhuku. A Gondwe ndi a ku Rumphi, amagwira ntchito m'boma, ndipo amakonda kapinga wawo kuposa mmene amakondera anthu ena. Atsibweni anamanga khola kuseri kwa boizikota osapempha.

"Sajeni, ino ndi Area 10, si kumudzi," anatero a Gondwe tsiku lina atapeza zitosi pafupi ndi galaja.

"Ndamva, akamwini," anayankha atsibweni. "Koma nkhuku sizidziwa kuwerenga manambala."

Mawu oti akamwini ankawapweteka a Gondwe kuposa zitosizo. Ankabwera kudzandidandaulira kuti iwo anapereka malowolo, si mkamwini wa munthu aliyense. Ine ndinkaseka. Khola linakhala.

Mmene anafikira pageti langa ndi nkhani ya zinthu zimene zinawathera pang'onopang'ono, ngati sopo. Atapuma usilikali anakakhala kwa akazi awo ku Kasiya, pachikamwini. Anamangako nyumba ya njerwa, n'kutsegula kagolosale. Koma munthu amene wadya zoyezeredwa ku kampu kuyambira unyamata wake angadziwe chiyani za malonda? Kagolosale kanagwa zaka ziwiri zisanathe. Inatsala penshoni. Ankaiseka okha kuti penshoni yawo ndiye msilikali weniweni, chifukwa anaiuza kuti iime ndipo sinasunthe, pamene sopo, mchere ndi feteleza zinali paliwiro. Mwana anabereka mmodzi, anamwalira ali wakhanda. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu wonse, monga mwa mwambo, ndipo nyumba ija inatsala komweko, pakuti mkamwini sasenza nyumba. Atabwerera ku Mitundu anapeza munda wawo unagawidwa kalekale. Anawaphera nkhuku tsiku loyamba. Sabata yachiwiri anayamba kuwafunsa kuti akuganiza zopita kuti.

Anabwera ku Lilongwe osandiuza. Analondera pa holoselo ya mmwenye wina ku Old Town zaka zisanu, mpaka mwini wake atakalamba ana ake anabweretsa kampani ya anyamata ndi agalu. Ine ndinawapeza mwangozi, ndikufunafuna nsalu za makatani. Anali pakhonde la sitolo akusoka nsapato za anthu. Iwo ndi amene anayamba kundiona, ndipo anatembenukira kukhoma. Chinawaulula ndi kolala. Pakhonde lonselo panalibe munthu wina wosita malaya chotero.

Ndinalira pomwepo, anthu akuonerera. Amenewa ndi munthu amene, tsiku lomwe ndinkayamba sekondale, anapempha tchuthi, n'kubwera atavala yunifolomu, nasenza thiranki langa pamutu kuchokera padepoti mpaka kuhositelo. Atsikana anadzaza m'mawindo. Ine ndinkayenda pambali pawo mapewa ali m'mwamba, ndipo temu yonseyo palibe anandizunza. Ndinawakweza m'galimoto tsiku lomwelo, zida zawo zosokera zili m'jumbo.

Za ulonda anayambitsa okha. Mlonda wathu wa masana anali atangosiya ntchito, ndipo iwo atakhala masiku atatu anabwera kukhitchini.

"Enelesi, ine kudya zaulere sinditha. Ndipatse geti."

Ndinakana pang'ono, kukana kwa munthu amene wavomera kale. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti anapempha okha. Koma iwo anapempha ntchito. Sanapemphe kuti ndiwabise.

Kubisako kunayamba ndi kanthu kakang'ono. Amayi ena, akazi a bwana wa amuna anga, atatsika galimoto anatembenuka kuyang'ana kugeti.

"Mlonda wanuyu munam'peza kuti? Wadisipulini bwanji! Athu aja amatsegula geti akutafuna chimanga."

"Anali msilikali," ndinatero.

Sindinaname, koma sindinamalize. Mawu otsalawo anali pakamwa pomwepa, ndinawameza. Atsibweni anali chapafupi akukankha geti, ndipo khutu lomwe linaloza kwa ife linali labwino lija. Kuyambira pamenepo pakakhala alendo ndinkawaitana Sajeni, alendo akapita n'kubwerera ku atsibweni. Tawonga ankawaitana agogo, koma ku Area 10 mlonda aliyense waimvi ndi agogo. Mayi anga ankakonda kunena kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo ndinkautchula bwino pamisonkhano ya amayi kutchalitchi.

Ndi ine tinakanganapo kamodzi kokha zenizeni, ndipo chifukwa chake anali Madalitso, mnyamata wa ku Dedza amene ankafunsira Tawonga. Tsiku loyamba kubwera kunyumba, atsibweni anamuimika panja pa geti, injini ikulira, n'kumamufunsa kwawo, mfumu yake, ntchito yake, dzina la atsibweni ake. Tawonga anathamangira m'nyumba akufuna kulira. Ine ndinatuluka ndi mkwiyo.

"Sajeni, tsegulani geti!"

Anatsegula. Mlendo atapita atsibweni anandipeza ndikuthirira maluwa, n'kunena motsitsa kuti mbava amazidziwa ndi maso, koma wodzatenga mwana amafunsidwa, ndipo wofunsa pakhomo pano ndi iwo. Ndinawayankha kuti masiku ano zinthu zinasintha. Anati zimene zinasintha ndi mitengo ya zinthu basi. Tinatha masiku awiri osalankhulana, kenako anandibweretsera mazira asanu m'chipewa, nkhani n'kutha.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankavala jekete, n'kupita ku Old Town wapansi. Kumeneko, pansi pa mtengo wina pafupi ndi msika, ankakumana ndi anzawo a usilikali. Ena anali alonda, ena osoka nsapato, wina wogulitsa makala. Ankagula chinangwa chootcha n'kumaitanana maudindo awo akale. Akabwerako ankakhala wosangalala masiku awiri. Ine sindinafunsepo kuti amakambirana chiyani.

Tsopano ndifike pa chinkhoswe cha Tawonga, chifukwa zonsezi ndakhala ndikuzungulira pamenepo.

Tsiku linaikidwa mu Ogasiti. Atsibweni anayamba kukonzeka mvula isanathe. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti, ndipo opatsana nkhukuzo ndi ankhoswe, anthu amene adzayang'anire banjalo moyo wake wonse. Atsibweni anasankha kamsoti kamawanga m'khola mwawo, n'kumakadyetsa padera. Jekete anapita nalo kwa telala wa pakhonde kuti akatembenuze kolala. Kangapo ndinawamva kuseri kwa nyumba akuyeserera mawu, akulankhula ndi mitengo ya mapapaya: "Ife akuchikazi talandira, ndipo tikuti mwanayu tikukupatsani wamoyo, wamaso awiri." Sanandifunse ngati adzalankhule. Munthu safunsa chilolezo chokhala mwinimbumba.

Koma akwawo kwa Madalitso anali atabwera kale kunyumba kwathu kangapo. Atsibweni ndi amene ankawatsegulira geti. Mayi ake a Madalitso, munthu wamtima wabwino, tsiku lina titadya anakuta nyama yotsala m'mbale n'kunena kuti tiwapatseko alonda. Ndiye ndikanaimirira bwanji pamaso pa anthu omwewo n'kunena kuti mwini wa mwanayu ndi aja munawatumizira zotsala? Funso limeneli linkandisowetsa tulo kuposa za tenti ndi zakudya.

Lachinayi la sabata ya chinkhoswe a Gondwe anandiuza kuti achimwene awo akubwera kuchokera ku Mzuzu kudzaima ngati nkhoswe, chifukwa kwawo mwana ndi wa bambo. Ndisawanamizire amuna anga. M'nyumba muno ndawagonjetsapo pa nkhani zazikulu, sukulu ya mwana, malo omanga nyumba, ngakhale mpingo wopempherako. Ndikanati ayi, zikanathera pomwepo. Sindinakane chifukwa mtima unapepuka. Anandipatsa pobisala, ndipo ndinalowamo.

Loweruka m'mawa ndinawapeza atsibweni ataima pakhomo pa boizikota, atavala jekete lija, mamendulo atatu ali pachifuwa.

"Atsibweni, pali kanthu."

"Nena, Enelesi."

"A Gondwe akuti potsata mwambo wa kwawo, alankhula ndi achimwene awo. Komanso galimoto zichuluka lero. Palibe wina amene ndingamudalire pageti."

Anandiyang'ana. Kenako anatembenuza mutu n'kundilozetsa khutu labwino, ngati kuti mwina logontha lija ndi limene lawanamiza.

"Wati pageti?"

"Lero lokha, atsibweni."

Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho. Sanakalipe.

"Nkhuku mwagula?"

"Ayi, titumiza munthu kumsika."

"Musagule. Ilipo."

Anamasula mamendulo aja imodziimodzi n'kuika m'thumba. Pamwamba pa jekete anavala chovala chonyezimira chija cha oimika galimoto.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti anali ataitana anzawo awiri a pansi pa mtengo paja kuti adzawaone akulankhula. Cha m'ma leveni ndili pakhonde ndi ophika, ndinaona madala awiri akubwera wapansi kuchokera kusiteji ya minibasi, majekete akale, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Mmodzi anali a Kopolo Mwale, wamfupi, wotsimphina. Atafika pageti anapeza mnzawo akukupiza manja, akulozera galimoto poima. A Mwale anaima. Anayang'ana chovala chonyezimiracho, anayang'ana tenti, ndipo anamvetsa zonse popanda wowauza. Kenako anawongoka, n'kumenya sawasha yachisilikali. Atsibweni anabweza.

Madala awiriwo sanalowe mutenti. Anakhala pageti tsiku lonse akuthandiza mnzawo kuimika galimoto. Mlendo wina anandigwira dzanja n'kundiyamikira kuti takonza bwino, ngakhale alonda avala majekete. Ndinati zikomo.

Nthawi yopatsana nkhuku itakwana, alamu anga a ku Mzuzu anagwira msoti uja ngati failo ya ku ofesi. Unakupiza mapiko, unawaipitsira suti, anthu anaseka mpaka misozi, nthungululu zili pakamwa. Mawu analankhula ochepa, theka m'Chingerezi. Zokuzira mawu zinali zamphamvu, moti zonse zinkamveka mpaka kugeti. Ine ndinavina, ndinafupa, ndinajambulitsa zithunzi. M'zithunzi zonse za tsikulo atsibweni mulibe.

M'mawa mwake anandipatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji, madamu?"

"Atsibweni, zimenezo ndiye ziti?"

"Pantchito pamafunika ulemu."

Sanalowenso kukhitchini. Nkhuku anayamba kugawa, ziwiri kwa mayi wotithandiza ntchito za m'nyumba, zina kwa alonda a nyumba zoyandikana. Simbi ya makala ija anapatsa mayi yemweyo. Wailesi anakasiya kwa a Mwale. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa, ndipo ndinkati ndi mkwiyo wa nkhalamba, utha. Ndinakonza mumtima kuti ndidzapepesa ukwati ukayandikira, ndidzawagulira suti, ndidzawakhazika kutsogolo. Kupepesa ndinakuika pa pulogalamu ngati keke. Sindinapite n'kamodzi komwe kukakhala pakhomo pawo n'kufunsa kuti mumtima muli bwanji. Munthu akayamba kugawa zinthu zake zonse amafunika kufunsidwa, ngakhale kupita naye kuchipatala. Ndinazidziwa mochedwa.

Mu Seputembala a Gondwe anakwezedwa pantchito, ndipo udindowo unabwera ndi alonda a kampani, usana ndi usiku. Lolemba linalo mnyamata wa yunifolomu yabuluu anafika ndi chibonga chake n'kukhala m'kanyumba ka pageti. Atsibweni anandidikirira pagalaja.

"Nanga ine?"

"Muzipuma tsopano. Mwagwira ntchito mokwanira."

"Kupuma ndinapuma kale, Enelesi. Ndi kumene kwandifikitsa pano."

Aka kanali komaliza kunditchula dzina. Anafunsa ngati ndikuganiza kuti ku Mitundu angawapezereko kamalo. Ndinayankha mofulumira, ndikuyang'ana foni, kuti kumudzi mukadya chiyani. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinali zankhanza. Anagwedeza mutu n'kubwerera kuseri.

Lamulungu lotsatira tikupita kutchalitchi, anamupempha mnyamata uja kuti apatuke, n'kutitsegulira geti okha. Anati tiyende bwino. Titabwerako masana zinali zitachitika. M'chipinda munali mosesa, bulangete lopindidwa makona anayi, makiyi onse a pakhomo ali patebulo. Kalata sanasiye.

Kumaliro a Mwale anabwera. Anandimva ndikuuza anthu za BP, ndipo sananditsutse. Titachoka kumanda anandipatula pambali, pafupi ndi ngolo.

"Mayi, BP imeneyi ikutimaliza pansi pa mtengo paja. Sajeni si woyamba."

Ndinalephera kuwayang'ana.

"Njala ife tinaizolowera kuthengo," anapitiriza. "Koma kuthengo ukagona ndi njala umadziwa kuti mawa paperete aitana dzina lako. Kuno amatiitana ndani? Ndiye tikamadandaula, Sajeni ankatiseka. Ankati iye ali bwino kuposa tonsefe. Ati munda alibe, nyumba alibe, mkazi alibe, koma mbumba ali nayo."

Sananene mokalipa. Anandigwira dzanja n'kupita kukafuna matola.

Sindikunena kuti ndinawapha ndekha. Zimene anaona ku Mozambique zinalipo, umphawi unalipo, kusudzulidwa kunalipo, ndipo mtolo umenewo anausenza zaka zambiri ndisanawapeze pakhonde paja. Koma munthu amene analandidwa zonse anali atatsala ndi chinthu chimodzi chosagulidwa ndi ndalama, ndipo amene anawalanda chimenecho ndine, chifukwa choopa maso a alendo. Manyazi amene ndinkawathawa tsiku limodzi lija ndi aang'ono poyerekeza ndi amene ndimadzuka nawo tsopano.

Ukwati unachitika mu Disembala. Mwezi watha Tawonga anafika pakhomo ndi sutikesi, maso ali otupa. Ayambana ndi Madalitso, ndipo akuti sabwererako. Tinaimbira alamu anga ku Mzuzu. Anati ali ndi msonkhano kunyanja, komanso ana amakono ndi ophunzira, azikambirana okha.

Loweruka masana kunabwera nkhoswe ya kuchimuna, a Kadzamira, atsibweni ake a Madalitso, bambo wachikulire wa ku Dedza. Ndinaika mipando pakhonde, umodzi mbali yawo, itatu mbali yathu. Ine ndi a Gondwe tinakhala. Wachitatu ndinauika osaganiza. A Kadzamira anaika chipewa pabondo, n'kumadikira, akuyang'ana mpando wopanda munthuwo.

"Pepani mayi," anatero pomaliza. "Nkhani ya banja sitikamba ndi makolo obereka, mitima imakhala yotentha. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kodi mwanayu alibe mwinimbumba?"

"Analipo. Anamwalira chaka chatha."

"Pepani kwambiri. Nanga pachinkhoswe paja sitinawaone bwanji? Anali akudwala?"

A Gondwe anakhosomola, akufuna kundipulumutsa. Sindinawalole.

"Munawaona, bambo. Ndi aja anakulozerani poimika galimoto."

A Kadzamira anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kugeti, komwe mnyamata wa kampani ankaseweretsa foni.

"Aatali aja? Anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kundiuza kuti mwanayo tikamusunge bwino. Ine ndinangoti koma mlonda uyu ndi wachikondi."

Anavala chipewa, n'kuimirira. Anati iwo sangakambe okha mlandu wa anthu awiri, ndipite kumudzi ndikapeze munthu wa kuchikazi, adzabweranso. Ndinawaperekeza mpaka pagalimoto osawauza kuti kumudziko kulibe wina.

Papita milungu itatu. Tawonga akadali m'chipinda chake chakale, ndipo dzulo anandifunsa kuti agogo akanakhalapo akanati chiyani. Mawu amene atsibweni anakonzera banja lake anawamva ndi mapapaya okha. Mipando ina tinalowetsa m'nyumba tsiku lomwelo. Wachitatu uja ukadali pakhonde, wayamba kutuwa ndi fumbi. Mayi wotithandiza ntchito amasesa mouzungulira, ndipo palibe amene wandifunsa kuti ukudikira ndani.